Lumo la Bambo Ake a Periklis

Evros, 3 Novembala 1996

Chemwali wanga Evanthia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Thodoris ndi kamwana kako kosagona kaja. Bondo la amayi likuwavutabe? Nanga abambo ayamba kale kutukwana mitengo ya azitona kuti sinabereke? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kalatayi ndayamba katatu. Yoyamba ndimalembera abambo, ndinang'amba. Ndikulembera iwe chifukwa kwathuko ndiwe wekha amene umamva nkhani mpaka kumapeto usanayambe kukalipa. Pa lamya sindingathe. Lamya ndi imodzi kampu yonse, ndipo kumbuyo kwa munthu kumakhala mzere wa anthu makumi awiri otchera khutu.

Za kuno ndi zomwe zija. Kudzuka, kuyala bedi, kusenda mbatatesi, kupukuta mfuti imene sindinaombepo chichokereni ku maphunziro, kenako maola awiri pa ulonda kuyang'ana mtsinje ndi bango. Tsidya linalo kumaima mnyamata wa ku Turkey, nayenso akuoneka kuti akungofuna kwawo. Udzudzu watha, tsopano yatipeza mphepo. Lolemba nyemba, Lachinayi nyemba, Lachisanu nyemba za Lachinayi.

Ndinakuuzapo za Periklis, mnzanga wa ku Almyros uja, amene amagona bedi la pamwamba pa langa. Ndikufika kuno, akale onse ankatitcha nsomba n'kumatitsukitsa zimbudzi. Iye ndi amene anandikokera pambali, amvekere: "Iwe nsomba, sajeni akafunsa kuti ndani ali ndi dzanja labwino polemba, usatukule mkono. Akufuna wosesa." Anandiphunzitsa kuika nyuzipepala m'majombo kuti mapazi asaume ndi kuzizira. Pa masewera a tavli amabera poyera, ukamugwira amati ndi mwambo wa kwawo. Popanda iyeyu miyezi yoyamba ija ndikanapenga.

Bambo ake anadwala sitiroko mu Juni, mbali yakumanzere inafa. Mlongo wake anakwatiwa ku Germany. Pakhomo patsala mayi ake okha ndi nkhosa. Ndiye anapempha kuti amusamutsire ku kampu ya pafupi ndi Volos, ndi mapepala onse a dokotala. Kalata yopemphayo ndinalemba ndine, chifukwa zolemba zake zimaoneka ngati papalasa nkhuku. Fotis, mlembi wa mu ofesi, anatiuza kuti malo kumeneko ndi amodzi okha, koma ndi mapepala otere palibe wopikisana naye.

Tsopano khala pansi, Evanthia.

Ukukumbuka mwezi woyamba ndinalira pa lamya? Ndinauza amayi kuti akapemphe a Nono Vangelis anditulutse kuno. Ndinati munthu amene anandinyamula pa ubatizo, amene amadyera limodzi ndi akuluakulu a usilikali Lamlungu lililonse, sangalephere kuimba lamya imodzi. Kenako ndinazolowera, ndinaiwala. Amayi sanaiwale. Mu Seputembala anandiuza mokondwa kuti a Nono akuti zitheka, ndipo ndi ku Volos, kufupi ndi kwathu.

Nthawi imeneyo kalata ya Periklis ndinali nditalemba kale. Kuti malo ndi amodzi ndimadziwa. Ndikanati, "Amayi, auzeni asiye." Ndinangoti, "Chabwino amayi," n'kuika lamya. Ndinkadzinamiza kuti mwina malo akhala awiri. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kudya Khirisimasi kwathu.

Lachitatu lapitali mndandanda unamatidwa pa chitseko cha ofesi. Dzina ndi langa.

Fotis anandipeza kuseri kwa khitchini ndikutaya makoko. Anati dzina la Periklis analitaipa yekha ndi zala zake. Kenako lamya inalira, kaputeni anayankha ataimirira, munthu amene saimirira ngakhale polowa wansembe, ndipo atamaliza anamuuza kuti abwereze pepalalo. Fotis anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombo, amvekere: "Kodi aise, uli ndi msana wotere kwa akuluakulu ndiye umasenda nafe mbatatesi bwanji?" Sanauze munthu wina. Bola akanauza.

Periklis anawerenga mndandandawo kawiri. Anapita kukapatsa agalu a m'kampu zotsala, monga amachitira masiku onse, koma anakhalitsako. Pobwera anandimenya pamsana mpaka ndinatsokomola. Anati bola malowo apita kwa ine osati kwa ana a ku Athens aja amene amasamutsidwa ndi amalume awo. Anati ine ndilibe ngakhale msuweni yemwe ndi kopolo, ndiye ndi mwayi chabe, ndipo mwayi sakwiya nawo. Anandigulira khofi, Evanthia. Ndinamwa.

Dzulo masana anatsegula kabati yake n'kutulutsa kanthu kokulunga m'mpango. Ndi lumo lopinda la bambo ake. Anabwera nalo pochokera ku tchuthi mu Ogasiti kuti wometa wa mu kampu alinole, poganiza kuti abwerera nalo yekha posachedwa. Bambowo safuna lumo lina, safunanso kumetedwa ndi mzimayi, ndiponso manja a akazi awo amanjenjemera. Chiwametereni Periklis mu Ogasiti ndevu zangokula. Ukudziwa mmene anthu amaonera mwamuna wosiya ndevu. Akuti anansi akamadutsa amafunsa kuti wamwalira ndani, ndipo bambowo amamva.

Ndiye anandipempha. Anati kuchokera ku Volos kufika ku Almyros ndi theka la ola pa basi, ndikamatuluka Lamlungu ndizikawameta. Anandionetsa pa tsaya lake lomwe mmene ndigwirire. Anati kumanzereko ndisamale kwambiri, chifukwa ndikawacheka samva, angoona magazi pa malaya. Pomaliza anaseka, amvekere: "Ukawadula khutu, nsomba, ndikupeza."

Ndinalandira lumolo. Ndinalonjeza.

Kuyambira pamenepo sindikhazikika. Ndikakhala pansi ndimafuna kuimirira, ndikaimirira ndimafuna kuyenda. Ndazungulira mpanda wa kampu mpaka agalu atopa kunditsatira. Ndinayesa kuluza dala pa tavli, Periklis anakwiya, akuti asamveredwe chisoni ndi nsomba. Kawiri konse ndatsegula pakamwa kuti ndimuuze, n'kutulukamo nkhani ya mpira. M'mawa uno ndinapita kwa kaputeni kukapempha kuti abwezere dzina loyamba lija. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati zochokera kumwamba zimabwezedwa kumwamba komweko, kenako anati majombo anga ndi akuda.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndikusamuka pa 18. Pita wekha kwa a Nono. Usadzere kwa abambo, chifukwa iwo adzati kukana mphatso ya a Nono ndi kulavulira mafuta amene anandidzoza nawo pa ubatizo, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Tenga botolo la zotsekemera za amayi zija, ukakhale nawo bwino, uwasiye afotokoze kaye za matenda awo a shuga. Kenako ukawauze kuti ndikuthokoza. Pasaka iliyonse akhala akundigulira nsapato ndi kandulo, sindinabwezepo chilichonse. Koma ulendo uno andipatsa chinthu cha mwini. Lamya imene inalira kamodzi ikhoza kuliranso.

Akakwiya, akwiyire ine. Akati sadzandithandizanso mpaka kalekale, uvomere. Kwanditsalira miyezi isanu ndi inayi, ndipo mphepo ya kuno sinaphepo munthu. Ndikudziwa kuti udzati ndine chitsiru, kulira kuti nditulutseni kenako kulira kuti ndisiyeni. Nena, ukunena zoona. Ukatha kunena, vala nsapato upite.

Zikakanika ndibwera, ndipo Lamlungu loyamba ndidzakwera basi ya ku Almyros, chifukwa ndinalonjeza. Ndidzawakhazika pa mpando bambowo, ndidzawapaka sopo. Periklis akuti mawu anawathera, atsala ndi funso limodzi lokha, ndipo amafunsa aliyense wolowa pakhomo: "Mwana wanga abwera liti?" Undiuze iwe, Evanthia, chimene ndidzawayankhe lumo lili pakhosi pawo.

Upereke moni kwa alamu, kamwanako ukapsompsone pamphumi m'malo mwanga. Abambo uwauze asakwere okha makwerero pothyola azitona. Amayi usawauze kanthu kaye. Pa lamya anandiuza kuti ayanika kale zofunda zanga padzuwa.

Mayi Maria akusunge, ndipo akupatse mawu amene ine ndasowa.

Ndine mlongo wako,
Argyris