Liwiro Lochezera

Lolemba, 5 Meyi

Nambala faifi. Ku mpikisano wa masukulu amatenga atsikana atatu okha a mtunda wautali, ndiye faifi n'chimodzimodzi kutsala kunyumba. Chowawa n'choti poyamba ndinali patsogolo penipeni. Kenako mpweya n'kuthawa, miyendo ngati yobwereka.

A Kochi akuti lero kunali kungoyesa, kusankha kwenikweni ndi pa 13 Juni. Atipatsa ndondomeko. Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi pang'onopang'ono, Lachiwiri zaliwiro pagraundi, Loweruka mtunda wautali, Lachisanu ndi Lamulungu kupuma. Ndaimata kuchitseko ndi selotepi ya achimwene. Asadziwe.

Lachitatu, 7 Meyi

Pang'onopang'ono akuti. Iwo njira yanga sakuidziwa. Ukachoka pageti la sukulu n'kukhota pampope, pali malo omata matayala, ndipo pabenchi pamenepo azibambo sasowa. Ndikangoona maso onse aja miyendo imanyamuka yokha. Anandipatsa kale dzina. "Ndege ikudutsa! Gwirani zipewa!" Ndimakafika pamlatho lilime lili panja ngati galu.

Lachinayi, 8 Meyi

A Kochi andifunsa kuti pang'onopang'ono wangayo ndi wotani. Ndangoyang'ana nsapato. Ati, "Liwiro labwino ndi loti uzitha kucheza uku ukuthamanga. Ukalephera kumaliza chiganizo, dziwa kuti wanyanya."

KUCHEZA. Ine amene kungoyankha "ndilipo" m'kalasi thukuta limatuluka.

Ndiye andiphatikiza ndi Wailesi, amene anali nambala thuu Lolemba lija. Dzinalo sanampatse mwangozi.

Lolemba, 12 Meyi

Tsiku loyamba ndi Wailesi. Kuchoka pageti kukafika pamlatho ndadziwa kuti azakhali ake ali ndi mbuzi yodya sopo, kuti masamu anabwera kudzazunza anthu, komanso kuti mnyamata wina wa Fomu 4 ali ndi makutu okongola. Makutu! Ine zanga zinali "mm" ndi "eya".

Pamatayala ndinayamba kusolola, iye n'kundigwira sikipa kumbuyo. "Iwe, waba chiyani? Bwerera kuno, za mbuzi sindinamalize." Tadutsa ngati akamba awiri. Wina pabenchi anati, "Ndege yaphwa tayala, bwera nayo timate!" Manyazi anandigwira mpaka zala za kumapazi.

Koma kunyumba sindinafikire kudziponya pabedi ngati masiku onse. Ndinatsuka mbale. Amayi anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndikudwala.

Taonani, tsamba lonse ndadzaza. Pa pepala ndiye ndimacheza bwino.

Lachisanu, 16 Meyi

Kupuma. Miyendo ikuyabwa. Achimwene awerenga ndondomeko ija, akuti ndi yabwino kwambiri, iwo azitsatira mbali ya Lachisanu ndi Lamulungu. Za selotepi sanafunse.

Loweruka, 24 Meyi

Mtunda wautali. Wailesi waika lamulo, akuti "mm" sawerengera. Funso lililonse ndiziyankha chiganizo chathunthu, apo ayi akandinenera kwa a Kochi. Anandifunsa kuti ndinayambiranji kuthamanga. Ndinamuuza zoona, kuti ukamathamanga palibe amene amadikira kuti ulankhule. Anaseka mpaka kuima, manja ali m'mawondo. "Ndiye a Kochi akulakwira bwanji, mwana wa eni!" Nanenso ndinaseka. Pozindikira tinali kuseri kwa malo ocheka matabwa, kumene sindinafikeko chiyambire. Pobwerera ndine ndinamufunsa funso. Limodzi, koma langa.

Lachitatu, 28 Meyi

Wailesi chimfine. Ndekha. Pamatayala ndauluka. Katumba wakumanzere akukoka.

Lachinayi, 29 Meyi

Kani a Kochi amamatitsa njinga yawo pomwe paja! Awauza kale: "Ndege yanu ija yayambanso kuuluka." Sanakalipe, bola akanakalipa. Angoti, "Ukamamaliza mphamvu Lolemba, Lachiwiri uzibwera ndi chiyani? Ukadzivulaza, pa 13 udzakhala wogwirira anzako madzi." Ndisathamange mpaka Lolemba. Ndipo ndikakhala ndekha, akuti ndizilankhula ndekha.

Ndinalira pang'ono kubafa. Pang'ono basi.

Lolemba, 2 Juni

Wailesi akadatsokomola. Ndiye ndathamanga uku ndikulakatula notsi za bayoloje mokweza, poti nkhani zina ndilibe. "Chakudya chikachoka m'kamwa chimadutsa kum'mero..." Pofika pamatayala ndinali pa matumbo aang'ono. Miyendo inafuna kunyamuka, koma chiganizo chinali chisanathe. Benchi yonse inatchera khutu. Kenako mwini malo, abambo a ovolosi yabuluu, anati, "Chikachoka pamenepo chimapita kuti, mwanawe?"

Ndinayankha!! "M'matumbo aakulu, bambo!"

Anaomba m'manja. Wina anati amafuna dokotala wotero, wobwera chothamanga. Mpaka pano ndikungomwetulira ndekha ngati chitsiru.

Lachiwiri, 10 Juni

Zaliwiro pagraundi. Raundi yomaliza ndinali ndi mpweya wotsala, ine ndemwe. Wailesi anachira, akuti nkhani zonse za kuchimfine anasunga, sanataye ngakhale imodzi. Anzathu enawo akumathamangitsana tsiku lililonse mpaka kusanza. Nthawi zina ndimaopa kuti mwina olondola ndi iwowo, ife tangotha mwezi tikukamba za mbuzi.

Lachinayi, 12 Juni

Ndachapa nsapato. Njira ya mawa ndi yomwe ija: pageti, pampope, pamatayala, kukakhota pamlatho n'kubwerera. Atatu okha. Madzi sindikufuna kugwira.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilemba zonse.

Wezulo italira onse anangoti fwaa, ngati awakhuthulira njuchi. Miyendo yanga inafuna kuwatsatira. Ndinayamba chapansipansi: chakudya chikachoka m'kamwa... Pofika pamatayala kumbuyo kwanga kunali anthu awiri okha. Benchi inali yodzaza, ena ataimirira. "Ndege mafuta atha!" Ndinati, "Mundione pobwerera!" Mokweza, mpaka mtsikana wa patsogolo panga anacheuka.

Titakhota pamlatho ndinayamba kutola anthu. Uyu wagwira m'nthiti, uyu akuyenda, uyu akukangana ndi chingwe cha nsapato. Abambo a ovolosi ndinawapeza ali mumsewu, chubu chili m'manja, akukuwa. "Uli foo! Wachitatu ndi wa riboni yofiirayo, watha ameneyo! Tiye mwanawe!" Apo ndiye ndinaileka ndege iuluke. Wa riboni ndinamudutsa pampope. Sindinacheuke mpaka pageti.

Firii. A Kochi analemba dzina langa, ndipo mano ndinawaona.

Wailesi ndinampeza ali chagada pakapinga, thuu wake watenga kale, kukamwa kuli yasa. Ndinakhala pambali pake n'kuyamba kumufotokozera zonse. Za njuchi, za chubu, za wa riboni, zoti katumba sanadandaule njira yonse, zoti ku mpikisano tikakhale mpando umodzi m'basi, zoti makutu a mnyamata uja ndawaona bwinobwino ndipo ndi makutu wamba. Anatukula dzanja limodzi.

"Iwe Ndege," anatero, mawu akuchita kusowa. "Takhala chete pang'ono."