Kambaniro Kozulira Nsidze

Kolkata,
9 Novembala, 2011

Okondedwa achemwali Mitali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Siliguri, inu, alamu ndi ana. Mabulangete aja ndinalandira, zikomo. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu.

Mukukumbukira ntchito yanga yomwe mumaiseka kuti ndi yokwatitsa miyala. Timiyala tiwiri tomwe patokha sitidutsa magetsi, tikatiphatikiza, pakati pake pamayenda maelekitironi. Mu Sepitembala kamwala kanga kena kanaonetsanso mphamvu ya maginito, chinthu chomwe aphunzitsi anga, a Pulofesa Bhaduri, akhala akusaka zaka zisanu ndi chimodzi. Anagulira gulu lonse maswiti a sandesh, bambo athu n'kuuza msewu wonse kuti dokotala wa sayansi akubwera. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chomwe sindinakuuzeni n'chakuti kamwalako ndinakakonza tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri. Mukudziwa kuti tsikulo zida sizigwiridwa. Makina onse anawaveka maluwa, ndipo timbaniro tathu tapulasitiki tinali titayalidwa patsogolo pa mulunguyo. Ine ndi phuma langali sindinafune kudikira mawa, komanso ndinaopa kuchotsa chida paguwa anthu akuona. Ndinapisa m'chikwama n'kutenga kambaniro kachitsulo kozulira nsidze, n'kunyamulira kamwalako. Lamulo loyamba m'chipinda chathu chofufuzira ndi lakuti chitsulo chisakhudze timiyala, poti kafumbi kake kosaoneka n'komwe kamanamiza makina kuti pali maginito. Ndinkadziwa, achemwali. Ndinangoti kamodzi sikangavute.

A Bhaduri anauza mnzanga Imtiaz, wa chaka chachiwiri, kuti abwereze zomwe ndinapeza. Wayesa kakhumi ndi kamodzi, osapeza kanthu. Lolemba anamukalipira tonse tili pomwepo.

"Imtiaz, manja akowo ndi ogwirira sayansi kapena okandira ufa wa chapati? Mnzako anatha kamodzi kokha!"

"Bwana, ndatsata zonse zomwe analemba m'buku mwake," anatero Imtiaz.

"Ndiye kuti buku likunama? Longedza, Lachitatu ndisakuonenso pano."

Chondipweteka kwambiri n'chakuti masana ake Imtiaz anandigulira tiyi pageti, n'kunena moseka, "Chemwali, manja akowo undibwerekeko tsiku limodzi, ndikawaonetse amayi ku Malda."

Dzulo ndinatenga kamwala katsopano, kopanda kanthu, n'kukapana ndi kambaniro kaja. Makina anaonetsa maginito omwe aja, mzere wake ndendende. Ndinanyamula mapepala a zotsatirazo n'kukagogoda kwa a Bhaduri, ndipo ndinafotokoza zonse osabisa.

Anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, kenako anati, "Tseka chitseko. Wina akudziwa?"

"Palibe, bwana."

"Zikhale choncho. Lachisanu ndikulankhula kumsonkhano ku Mumbai, dzina langa analengeza kale. Ndikabwerako tidzaona."

"Nanga Imtiaz, bwana?"

"Imtiaz ndi mwana, apeza kwina. Iwe watsala ndi miyezi inayi kuti umalize. Ndani asayine buku lako la digiri, ine kapena Imtiaz?"

Achemwali, ndinayankha kuti ndamva. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi zomwe ndinayankha, ndipo ndinawathokozanso potuluka. Munthune ndine wamantha, mumandidziwa kuyambira tili ana.

Lero ndi Lachitatu. Imtiaz wabweza kale makiyi, ndipo akukwera sitima ya folo koloko pa siteshoni ya Sealdah. Watsanzikana ndi aliyense, mpaka wapita kukapepesa kwa a Bhaduri kuti anawatayitsa nthawi. Akupita kwawo akukhulupirira kuti ndi mbuli, pomwe pa tonsefe ndi iye yekha anagwira ntchito molondola, kakhumi ndi kamodzi konse.

Mapepala aja ndajambulitsa awiriawiri. Ena ndasiya kale kuofesi ya mkulu wa dipatimenti, ndipo mlembi wawo wadinda chidindo, ndiye kubwerera m'mbuyo kulibenso. Enawo ali m'chikwama. Ndikaponya kalatayi ndikwera basi ya ku siteshoni, ndikamutsitse Imtiaz m'sitimamo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Amayi musawauze kanthu, mtima wawo uja mukuudziwa. Bambo ndidzawauza ndekha, nditagwada, koma muyambe kuwanyengerera asiye kunditchula dokotala pamaso pa anthu. M'chipinda changa chija, ngati munaikamo matumba a mpunga, chonde muwasunthe, poti mwina andichotsa kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Tapati