Chingerezi cha Lachiwiri

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndayamba. Wandikakamiza ndi mwana wanga Ainhoa, mwezi wathunthu akuimba kuchokera ku Bilbao: "Amayi, pezani munthu wolankhula naye, muphulika." Ndiye lero 4 koloko, ine ndi laputopu pathebulo la kukhitchini, pakati pa anyezi ndi mankhwala a amayi. Mlangizi amene ndikulankhula naye palaputopupo ndi Begoña, ndizingomulemba B. Mtsikana ndithu, magalasi aakulu, kumbuyo kwake kuli mphaka amene sanandikonde. Funso loyamba: Chisipanishi kapena Chingerezi?

Ndinayang'ana pazenera. Nyumba yathu yansanjikayi mazenera onse akukhitchini amayang'anizana pakampata koyanikapo zovala, ukayetsemula pansi, wapamwamba amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Amayi nawo anali pabalaza, ndipo makutu awo amafa pokhapokha ndikamawauza zochepetsa mchere. Ndinati Chingerezi. Zaka makumi awiri zolandira alendo pahotelo ku Benidorm zisapite pachabe.

Koma Chingerezi changa ndi cha makiyi ndi matawulo, chozungulira nacho nkhani ndilibe. M'Chisipanishi ndikanati, "Tikulimba, ena ali pamavuto oposa athu." Apa ndinangomva pakamwa panga pakutuluka: ndatopa. Ndakwiya. Zaka zinayi sindinagone kunja kwa nyumba ino. Ndinalira, kenako ndinaseka, mphaka n'kuchokapo.

Lachinayi, 6 Malichi

B. anati ndilembe chinthu chimodzi chimene ndikufuna, chimodzi basi. Nachi: Ainhoa achira mu Meyi, mwana woyamba, ndipo ndikufuna ndikakhale naye masiku khumi. Wotsala ndi amayi alipo mmodzi yekha, mlongo wanga Ginés.

Ntchito ina ya sabata ino ndi kukana chinthu kamodzi. Ndakana kumsika. Wogulitsa nsomba amafuna kundiwonjezera zimene sindinapemphe, ine ndati ayi. Wati chabwino. Basi! Ndinaima pomwepo kudikira kuti akwiye, mpaka wa kumbuyo kwanga anandigunda ndi chikwama.

Dzulo tawulo la a Encarna a pamwambapa linagwera pachingwe changa. Anatsika kudzatenga monga mwa nthawi zonse, koma anakhalitsa kwa amayi.

Lamulungu, 9 Malichi

Ginés wabwera ndi buledi ndi njala yake. Wapsompsona amayi, wadya mpunga wa paella mbale ziwiri, wapala mpaka makoko a m'chiwaya. "Achemwali, inu ndinu mngelo, popanda inu bwenzi tikutani ife?" Kenako wagona pasofa, pakamwa yasa. Mngelo wamuikira wotsala m'kachidebe kuti akadye mawa. Ndadzida kwambiri lero.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tachita sewero. B. anakhala Ginés, ndipo amamutha ngati anakula naye: "Ah, Meyi? Meyi kuntchito kumavuta." Ndinaseka mpaka kutsamwa. Wati mawu akhale atatu, opanda pepani: Ndikupita ku Bilbao. Masiku khumi. Iwe ukhala ndi amayi. Wati ndikamaliza nditseke pakamwa, ndisadzaze chete ndi mpunga.

Ndinamufunsa ngati ndine mwana woipa. Wati funsolo tiligwira sabata yamawa, lero tigule kaye tikiti mumtima.

Ola lonse chingwe cha a Encarna chimangolira kwii, kwii. Mayi wamasiye wokhala yekha, zochapa zonsezi amazitenga kuti?

Lachitatu, 12 Malichi

Lero yagwa sokosi. Imodzi, youma. Atsika, andipatsa moni, alowa kwa amayi n'kukankha chitseko. Ndimangomva manong'onong'o ndi kuseka. Bola amayi apeza mnzawo.

Loweruka, 15 Malichi

Ndanena mawu atatu aja kwa simbi, kwa firiji ndi kwa galasi la kubafa. Onse avomera.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndilembe msanga ndisanaiwale.

Amayi anaitana a Encarna kudzadya nafe, chinthu chimene sichinachitikepo. Ndinati basi, lero zakanikanso, pamaso pa mlendo sindinganene. Koma Ginés atatambasula dzanja kuti atenge mbale yachiwiri n'kuyamba za mngelo zija, ndinaika supuni pansi ndipo mawu atatu aja anatuluka onse, bwinobwino, opanda pepani. M'Chingerezi. Sabata yonse ndimayeserera m'Chingerezi, kamwa linazolowera choncho.

Ginés anandiyang'ana mpunga uli m'kamwa. "Achemwali, mwatani? Mwayamba kulandira alendo pano?"

A Encarna anapukuta pakamwa mwaulemu. "Akuti akupita ku Bilbao masiku khumi, ndipo iwe mnyamata ukhala ndi mayi ako."

Kani a Encarnawa zaka khumi ndi zinayi anachapa zovala m'chipatala ku Mangalande asanakwatiwe! Ine ndakhala pansi pawo zaka zonsezi osadziwa. Lachiwiri amamvetsera pachingwe, Lachitatu amagwetsa sokosi n'kudzamasulira amayi. Nkhope inandiotcha. Ndiye kuti zonse, zoti ndatopa, zoti ndakwiya, amayi anazimva. Ndinafuna kulowa pansi pa thebulo, komanso ndinafuna kuwathira madzi onse awiri.

Amayi anagogoda thebulo ndi mphete. "Reme, nena m'chilankhulo chathu ndidzimvere ndekha. Ndatopa n'kumvera kwa Encarna, amawonjezera zake."

Ndinanena. Mawu anafika onse atatu. Ndinatseka pakamwa monga ananenera B.

Ginés anayamba, "Koma Meyi kuntchito..."

"Khala chete iwe," anatero amayi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Tsiku limene ndinkabala iwe, amayi anga sanabwere. Ankasamala agogo kumudzi, achimwene awo atatu ali phee. Ndinakunyamula ndekha, ndikuyang'ana kuchitseko. Mpaka lero zimandiwawa. Ainhoa asayang'ane kuchitseko."

Ndinalira pampunga. A Encarna nawo analira, koma osasiya kudya.

"Zoti watopa nane ndinamva," amayi anawonjezera. "Nanenso ndatopa ndi chakudya chako chopanda mchere. Tipumane."

Ginés sanagone pasofa lero. Watsuka chiwaya, mosayera, koma watsuka.

Lachiwiri, 18 Malichi

Tikiti ndagula m'mawa, ya pa 9 Meyi. Ainhoa anakuwa pafoni mpaka ndinaichotsa kukhutu.

A Encarna ndawauza kuti zomvetsera anthu pachingwe si khalidwe. Ati n'zoona mwanawe, andipatsa malalanje.

4 koloko B. watsegula, mphaka ali pamiyendo. Pabalaza Ginés ali ndi kabokosi ka mankhwala, akufunsa kachitatu kuti ya m'mawa ndi yoyera kapena yapinki, amayi akumutcha mbuzi. Sindinadzuke kukathandiza.

"Chingerezi ngati kale?" anafunsa B.

Ndinatsegula zenera lonse. "Chisipanishi."

Pamwamba chingwe chinasiya kulira. Kenako a Encarna anakuwa: "Ndiye ine ntchito yandithera?"