Phazi la Buleki

Chilenje, Lusaka
Juni 1978

Okondedwa alamu a Oswell,

Mwadzuka bwanji ku Chipatako? Ife tilipo, ana ali kusukulu.

Achimwene anu akuyendetsabe tipa ija yotuta mchenga ku Kabulonga. Abwana anawonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti izinyamula zambiri, ndiye ikakhuthula imangodumphadumpha njira yonse. Pofuna kuti msana upumeko, iwo ankasiyako mchenga pang'ono kumbuyo. Kapitawo atawona, akuti n'kuba. Tsopano amabwerera nayo yopanda kanthu.

Kuwerama sakutha, nsapato ndimawavula ndine. Dzulo anati ndiwavule yakumanja, chonsecho ndinali nditavula kale. Alamu, limenelo ndi phazi la buleki, ndipo mawa akulawiriranso.

Amayi musawauze. Inu mukapeza basi, bwerani.

Ndine mlamu wanu,
Rhodah