Yoram asabwere ku ntchito ya mabatire

Chowa, Kabwe
14 Juni 1979

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Kodi mwendo uja unaphwa? Kuno Exildah ndi ana ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Mano anga akutsogolo akutha, Amayi. Anayamba ndi kuyayamira ngati ndadya mango osapsa. Tsopano apyapyala, m'mphepete akubenthuka okha, ndipo madzi a mumtsuko sindingamwe osatsinzina.

Adokotala a mano anandifunsa ntchito yanga. Nditanena kuti ndimathira asidi m'mabatire a galimoto ku galaja, anapukusa mutu. Anati dzino lili ndi chikuto cholimba kunja kwake, ndipo mpweya wa asidi umene ndimapuma tsiku lonse ukuchisungunula pang'onopang'ono. Anapalanso ndi kachitsulo litsiro loterera limene limamatira m'mbali mwa nkhama, nati nalonso limasandutsa shuga wa mu tiyi kukhala asidi. Ndinafunsa ngati chikutocho chidzamerenso. Anangoti, "Chimene chapita sichibwerera, bambo. Tisunge chotsalachi."

A Philimon, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, masana amangodya phala, ndipo akamaseka amaphimba pakamwa. Nditawafotokozera za adokotala anandikokera kuseri kwa galaja n'kuyasamula. Munali tizitsa takuda tokhatokha, chonsecho si munthu wokalamba. Chionereni m'kamwa mwawo, chakudya sichikundilowa. Amatsokomolanso kwambiri, ndiye ndimadzifunsa kuti ngati mpweyawu ukudya dzino lolimba ngati mwala, m'chifuwamu ukuchitamo zotani?

Kusiya ntchito sindingathe, ana adya chiyani? Kudandaula kwa abwana nakonso ndikuopa, chifukwa pageti pamakhala anthu odikira malo.

Pempho langa ndi limodzi. Mng'ono wanga Yoram asakwere basi ya mwezi wamawa. Malo a ntchito amene ndinamupezera ali m'chipinda cha mabatire chomwe ndimagwiramo ine, chopanda ndi zenera lomwe. Ndikudziwa kuti anatsanzika kale anzake ndipo achita makani, choncho muitane amalume amukhazike pansi. Ndilola andikwiyire ali ndi mano ake.

Moni kwa amalume, azakhali, mlongo wanga Nelly ndi alamu, ndiponso kwa Yoram yemweyo, ngati angaulandire. Muzinditchula m'mapemphero, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Langford