Nsatsi za ndege ndi masuku athu

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, koma mtima uli m'malo.

Mailo kunabwela anthu a kampani ochokela ku Petauke. Akuti tilime nsatsi, mafuta ake aziulutsila ndege popanda kuipitsa mpweya. Amuna anga anakabweleka nkhwangwa kuti agwetse mitengo ya masuku ya kuchitsime, atsegule munda watsopano.

Lelo m'mawa ndinawapempha kuti andithandize kutunga madzi. Anaona okha kuti chingwe sichikufikanso pamadzi, mpaka tinachilumikiza ndi chitenje changa. Tsidya lina, kwa aLungu amene anayamba nsatsi chaka chatha, kwangotsala zitsa ndi phulusa.

"Amake Tisa, nkhwangwa ija ndibweza," anatelo tili m'njila. "Nsatsi tidzabzala m'munda wakale wa thonje, ngakhale nthaka yake ndi yotopa."

Ndinangomwetulila kumbali.

Masuku athu apulumuka. Koma madzi apansi sadziwa malile a munda, ndipo aLungu akuti chaka chino adula mpaka kumtsinje. Pa Sondo tikatuluka m'chalichi ndikufuna ndilankhule ndi akazi awo, kaya ndikayambila pati...