Mayina a pa Tsamba Lomaliza

Braila, 9 Okutobala 1868

Wokondedwa mlongo wanga Gergina,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chinaleka? Kuno ndilipo, kungoti maso ayamba kutopa ndi tizilembo tachitsulo timene ndimasanja tsiku lonse.

Kalata yako anandipatsa Sotir wangalawa dzulo, ikununkha nsomba zamchere. Ndamva kuti asilikali a bwanamkubwa anawatenga amuna ako, alamu anga a Yanaki, chifukwa chowerenga nyuzi yathu, ndipo kuti iwe unakamutukwana Vulko wopanga migolo pakati pa msika, ati ndiye anawaneneza. Vulko ndi wapakamwa, inde, koma umusiye. Palibe anawaneneza.

Ukudziwa mwambo wathu osindikiza. Aliyense wolembetsa nyuzi timamulemekeza pomusindikiza dzina patsamba lomaliza, ndi tauni yake, ndi ntchito yake. Anthu amayamba kuwerenga komweko, nkhani pambuyo. Wina anabwera kudzatikalipira kuti tamuika pansi pa wometa tsitsi.

Abwana anga a Manol atandipatsa mndandanda, ndinaona kuti wa kwanu ku Svishtov mulibe ngakhale mmodzi, chonsecho alamu akhala akuilandira mobisa chaka chathunthu. Ndinati awa ndiwaike, amalonda a kuno aone kuti kwathunso kuli anthu owerenga. A Manol anandifunsa kuti kodi mwiniwake wavomera. Ndinati eya. Ndinanama.

Ndakhala tsidya lino la mtsinje wa Danube zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka ndinaiwala kuti pepala limene kuno amawerengera poyera akumwa khofi, kwanuko ndi mlandu. Ndinasanja dzinalo ndi zala zangazi, ndipo ndinasankha zilembo zosaperepeseka kuti lioneke bwino. Asilikaliwo sanavutike kufufuza, anangowerenga.

Nditawauza a Manol anangoti inki sifufutika, kenako anapitiriza kudya mkate wawo. Ananena zoona. Manyazi ndili nawo, koma sindikupempha chikhululukiro lero. Nthawi yake palibe.

Mndandandawo unali wautali, sunakwane tsamba limodzi. Mayina otsala anatuluka m'nyuzi ya sabata ino. Alamu anandilembera kale kuti maso awo ndi ofooka, amene amawawerengera ndiwe. Ndinanyadira, ndipo ndinafuna kuti mlongo wanga akhale mkazi woyamba kulembedwa m'nyuzi yathu. Dzina lako ndinaliika, ndipo mitolo ya nyuziyo inanyamuka Lachiwiri, kalata yako isanafike.

Sotir akuti mitolo imayenda pang'onopang'ono, iye aipitirira ndi masiku awiri. Ukangowerenga, utenthe kalatayi, utenge ana ndi amayi, ukwere naye. Chipinda ndakonza. Za alamu tidzaziyendetsa tili kuno. Ukamangidwa nawenso palibe amene aziyendetse.

Undiperekere moni kwa amayi, koma usawauze kanthu mpaka mutawoloka. Mulungu akuperekezeni pamadzipo.

Ndine mchimwene wako, amene anakulemba,
Tsvyatko